Funsani Anamwino: Mzere Watuluka Umodzi, Koma Mwana Akutentha

Mvula ili pakati, madambo adzaza, ndipo makalata amene afika mwezi uno pafupifupi onse ndi a malungo. Ndasankhapo ochepa oti ayimire anzawo. Kwa inu amene mwangoyamba kumene kuwerenga tsamba lino, ine ndine namwino wopuma pantchito. Ndinagwira m'makiliniki a kumidzi kuno kum'mawa, kumtunda ndi kuchigwa komwe, ndipo tsopano ndimakhala ku Chipata.

FUNSO: Anamwino, mwana wanga wa zaka 3 anatentha thupi usiku wonse. Kutacha ndinamubereka, ulendo wa maola awiri kukafika kukiliniki. Anamubaya chala, akuti malungo palibe, n'kutipatsa Panado yekha. Ine malungo ndimawadziwa, ndalera ana anayi. Ndinapempha Coartem koma anakana. Kodi timapulasitiki toyezera malungo timeneti sitinama? Kapena mankhwala amasungira abale awo? — Mayi wa ana anayi, Chadiza

YANKHO: Amayi, choyamba ndikuthokozeni kuti simunagone naye mwana m'nyumba usiku wachiwiri. Kuyenda maola awiri mwana ali kumsana, n'kubwerako ndi Panado yekha kunsonga ya chitenje, zimawawa, ndipo sindikuuzani kuti munalakwa kukwiya. Koma pa nkhani ya Coartem, amene anakukanizaniyo anachita bwino. Pomwe ndikufuna kumufunsa ine ndi pena.

Kapulasitiki kaja timakatcha RDT. Kamafufuza m'magazi chinthu chimene tizilombo ta malungo a mtundu wa falciparum timatulutsa, ndipo mtundu umenewu ndi umene umadwalitsa pafupifupi onse odwala malungo muno m'Zambia. Kakagwiritsidwa ntchito bwino sikanama kawirikawiri. Paketi yake itsegulidwe inu mukuona, magazi akhale kadontho ka muyeso, athiremo timadzi ta m'kabotolo kake, ndiyeno adikire mphindi 15 kapena 20 malinga ndi zolembedwa pabokosi. Mzere ukatuluka umodzi pa chilembo C, malungo palibe. Ikatuluka iwiri, alipo, ngakhale wachiwiriwo utakhala wowonda ngati ulusi. Pa C pakapanda mzere, kachipangizoko n'kakufa, atenge kena ayambenso. Vuto limene ndinkaliona kawirikawiri ndi changu. Namwino ali yekha, odwala afola mpaka pansi pa mtengo wa mango, iye n'kusuzumira kachipangizo patangotha mphindi zitatu, n'kukaponya m'bokosi. Pomwe mzere wofooka umachedwa kutuluka. Ndiye kumbukirani bwino, Amayi, munadikira nthawi yaitali bwanji chibayireni chala? Ngati yankho linabwera musanamalize n'komwe kumutonthoza mwana, muli ndi ufulu wopempha kuti amuyezenso.

Ndikuuzeni chimene chinandichitikira ine. Ndinayamba ntchito m'nthawi ya chloroquine, pamene thupi likangotentha tinkati malungo basi, chifukwa choyezera chinali maikulosikopu ya kuchipatala chachikulu kuboma. Madzulo ena m'zaka za m'ma 1990 kunabwera mayi ndi kamtsikana ka chaka ndi theka, kotentha ngati mbaula. Ndinali nditatopa. Ndinakagwira pamphumi, ndinapereka chloroquine, n'kuwauza kuti azipita kusanade. Sindinakavule malaya. Ndikanakavula, ndikanaona nthiti zikulowa m'kati pokoka mpweya. Anabweranso patatha masiku awiri mwana akubanika, chili chibayo. Tinathamangira naye kuchipatala chachikulu ndipo Mulungu anatichitira chifundo, anachira, koma masiku awiri aja amene anamubera ndine. Chiyambire tsiku limenelo, mwana wotentha thupi sanachokenso pamaso panga ndisanaone chifuwa chake.

Chloroquine tinamusiya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, tizilombo titamuzolowera moti munthu ankamwa, n'kuyabwa thupi lonse, koma osachira. Zambia inali limodzi mwa mayiko oyambirira mu Africa kutenga Coartem kukhala mankhwala oyamba a dziko lonse. Kenako mu 2010 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti aliyense woganiziridwa malungo ayezedwe kaye asanapatsidwe mankhwala. Ine ndinalandira langizoli ndi manja awiri chifukwa cha kamtsikana kaja. Coartem m'mimba mwa mwana wopanda malungo amangokhazika pansi mtima wa kholo, uku matenda enieni akuzika mizu.

Tsono mzere ukatuluka umodzi, ntchito ya namwino ndiye yachuluka. Ayenera kupima kutentha kwa thupi, kumuika mwana pasikelo, kumuvula malaya n'kuwerenga kapumidwe kake kwa mphindi yathunthu. Mwana wa chaka chimodzi mpaka zisanu akamapuma ka 40 kapena kuposa pa mphindi, timaganizira chibayo. Wa miyezi 2 mpaka 11, ka 50. Ayang'ane m'makutu, kummero ndi pakhungu, aone ngati khosi lauma, afunse za kutsegula m'mimba ndi za mkodzo. Akapeza kuti ndi chimfine chabe, Panado ndi zakumwa zambiri n'zokwanira, koma akuuzeni zimenezo ndi pakamwa pake, akuuzeninso tsiku loti mubwerere. Ngati zonsezi sizinachitike, pamenepo ndiye anakulakwirani, osati pa Coartem.

Thupi likapitiriza kutentha masiku awiri kapena atatu, bwererani akamuyezenso, chifukwa tsiku loyamba tizilombo tikhoza kukhala tochepa kwambiri m'magazi. Koma akaleka kumwa, akamasanza chilichonse, akamangogona osadzutsika, musawerenge masiku. Za kusungira abale ndiyankha pamodzi ndi kalata yotsatirayi.

FUNSO: Amayi Namwino, ine ndine mlimi wa zaka 41. Mu Januwale ndinayezedwa, malungo anapezeka, koma anati Coartem watha, ndikagule. Pakantemba kumsika anandigulitsa mapiritsi 8, amene ndalama zanga zinakwanira. Ndinapeza bwino, koma patatha masabata awiri ndinagwanso, munda n'kulowa thengo. Kodi ndinagula abodza? Nanga bwanji mankhwala amatha nthawi imene tikuwafuna kwambiri? — Mlimi, Lundazi

YANKHO: Abambo, ngakhale atakhala enieni, anali ochepa. Munangomwa gawo limodzi mwa magawo atatu. Munthu wolemera makilogalamu 35 kapena kuposa amamwa mapiritsi 24, anayianayi kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu. Oyamba nthawi yomweyo, achiwiri pakatha maola 8, kenako m'mawa ndi madzulo kwa masiku awiri otsatira. M'piritsi limodzi muli mankhwala awiri. Artemether amapha tizilombo tambiri mwamsanga, ndipo ndi amene anakudzutsani tsiku lachiwiri n'kukupatsani khasu m'manja. Lumefantrine ndi amene amakhalitsa m'magazi n'kumaliza totsala, koma amafuna kuunjikana mpaka mlingo womaliza. Inu munasenga udzu, mizu n'kuisiya m'nthaka, ndiye mvula itagwa unaphukanso. Lumefantrine salowanso bwino m'thupi ngati m'mimba mulibe chakudya cha mafuta, choncho mwerani pa phala lothira nsinjiro, pa mkaka, kapena pa nsima ya ndiwo zotendera. Mukasanza pasanathe mphindi 30, bwerezani mlingowo, ndipo mukatenge wina wolowa m'malo kuti isapereweze isanu ndi umodzi ija.

Ana timawapatsa potengera kulemera. Wa makilogalamu 5 mpaka 14 piritsi limodzi pa mlingo, wa 15 mpaka 24 awiri, wa 25 mpaka 34 atatu. N'chifukwa chake ine ndikalowa m'kiliniki, ndisanayang'ane penti ya pakhoma ndimayang'ana ngati sikelo ikugwira ntchito.

Pali china chimene anamwino ena atsopano amachiiwala, ndipo ndikulemba pano kuti nawonso awerenge. Coartem amabwera m'mapaketi a mapiritsi 6, 12, 18 ndi 24, koma mphamvu ya piritsi ndi imodzi, yolembedwa 20/120. Mapaketi a akuluakulu akatha koma a ana alipo, anayi a mapiritsi 6 amakwana mlingo wa bambo, ndipo a 12 awiri chimodzimodzi. Ndiye akakuuzani kuti watha, funsani mwaulemu ngati watha wa misinkhu yonse. Ngati watheratu, gulani, musadikire, koma gulani m'sitolo ya mankhwala yokhala ndi chilolezo chopachikidwa pakhoma cha ZAMRA, bungwe la boma loyang'anira mankhwala, m'bokosi lotseka, tsiku lothera ntchito likuoneka. M'masitolo mumapezekanso a 80/480, amene munthu wamkulu amamwa limodzi pa mlingo, onse pamodzi 6, choncho werengani manambalawo musanameze. Inu a m'malire, amene abale athu a ku Mchinji ndi ku Mzimba amawatcha LA ndi mankhwala omwewa, musamwe onse awiri poganiza kuti mukuwonjezera mphamvu.

Tsopano za kutha kwa mankhwala. Mankhwala a m'makiliniki a boma amachokera ku ZAMMSA, nthambi ya boma yosunga ndi kugawa mankhwala, imene kale inkatchedwa Medical Stores, ndipo nkhokwe yake ina ili konkuno ku Chipata. Kuti galimoto ibweretse okwanira, kiliniki iyenera kulemba mwezi ndi mwezi amene yagwiritsa ntchito ndi amene yatsala nawo. Chingwe chimenechi chimaduka m'malo ambiri. Pena kunkhokwe kulibe. Pena mlatho wakokoloka. Pena namwino ali yekha, wabereketsa usiku wonse, makadi a m'sitolo sanawalembe, lipoti n'kuchedwa. Ine ndinaphunzira movutikira kuti ukaitanitsa mankhwala a Febuluwale potengera odwala a Okutobala, wagona ndi njala dzinja lisanathe. Ndipo pena amatha chifukwa chopatsa anthu opanda malungo, kuti asachoke atakwiya. Paketi imene akanapatsa mwana wa Amayi a ku Chadiza aja ndi imene ikanasowa kwa wodwala ngati inu.

Kuba nakonso kulipo, tisanamizane, ndipo mankhwala ake ndi maso a anthu. Komiti ya zaumoyo ya m'dera lanu, NHC ija, ndi komiti ya pakiliniki zilipo chifukwa cha zimenezi. Pamsonkhano funsani kuti mabokosi anafika liti, anali angati, anawerenga ndani, ndipo Coartem ndi ma RDT anasowa masiku angati mwezi watha. Namwino wokhulupirika sakwiya nawo mafunso amenewa, amamuthandiza pokadandaula kuboma. Kumbukiraninso kuti zolipiritsa m'makiliniki a boma a kumidzi zinachotsedwa mu 2006. Wina akakuuzani kuti mankhwala atha koma angapezeke mukapereka kenakake, nkhaniyo ipite kwa oyang'anira kiliniki kapena ku ofesi ya zaumoyo ya boma lanu.

FUNSO: Ndinamaliza Coartem yense monga anandiuzira. Patatha masiku 10 ndinayezetsanso kuti nditsimikize, mizere n'kutuluka iwiri, pomwe ndikumva bwinobwino. Ndimwenso? — Mphunzitsi, Petauke

YANKHO: Aphunzitsi, musamwenso. Chinthu chimene RDT imafufuza chimatsalira m'magazi masabata angapo tizilombo titafa kale, monga momwe fungo la utsi limatsalira m'nyumba moto utazima. RDT siyezera kuchira. Koma thupi likatenthanso mwezi usanathe, pitani komwe kuli maikulosikopu akaone ngati muli tizilombo tamoyo, ndipo muwauze tsiku limene munamaliza Coartem, chifukwa zimenezo zimasintha mankhwala amene angakupatseni.

FUNSO: Amayi, ine ndimagwira ntchito yodzipereka ya zaumoyo m'mudzi, ndimayeza ndi kupereka Coartem. Kuno kuchigwa kumatentha kwambiri ndipo nyumba yanga ndi ya malata. Mnzanga wina akuti ma RDT amawonongeka ndi kutentha. Komanso timadzi tija timatha msanga ma RDT akadalipo. Nditani? — Wodzipereka, Mambwe

YANKHO: Mwana wanga, mnzakoyo wanena zoona, ndipo ndakondwa kuti wafunsa. Ana ambiri amene masiku ano amachira osafika n'kukiliniki komwe amachira chifukwa cha anthu ngati iwe, ndiye chikwama chako ndi kiliniki ndithu, chisamalidwe ngati kiliniki. Tenga bokosi uwerenge m'mbali mwake, pali manambala a kutentha kumene limapirira. Ena amalekezera pa madigiri 30, ena pa 40. Kutentha kwa Okutobala m'chigwa cha Luangwa ukukudziwa wekha, ndipo pansi pa malata kumaposa kunja. Usapachike chikwama kudenga kapena kuchisiya pawindo. Chikhale m'munsi, pamthunzi, pamalo popita mphepo, chosagunda pansi ponyowa. Ngati pakhomo pali nyumba ya udzu yotsekeka bwino, imeneyo ndiyo yozizirirapo. Paulendo usachimangirire pakaliyala padzuwa tsiku lonse. Coartem nayenso safuna kutentha ndi chinyezi.

Timadzi tija, buffer, tilibe cholowa m'malo. Madzi a pachitsime, a m'botolo ngakhale a diripi amatha kutulutsa mzere wabodza, ndipo buffer wa bokosi la kampani ina usamugwiritse ntchito pa RDT ya kampani ina. Akamatha msanga, kawirikawiri ndiye kuti ukuthira madontho opitirira muyeso. Imika kabotolo chilili, uwerenge madontho monga pepala la m'bokosi likunenera. Akatha, kanene kukiliniki. Nthawi uziyesa ndi foni, osati ndi mtima, ndipo zotuluka nthawi itadutsa kale usazikhulupirire. Paketi yong'ambika kapena yopitirira tsiku lake ndi yotaya. Coartem akakuthera, usasiye kuyeza. Yeza, lemba kakalata kosonyeza zotsatira ndi nthawi, utumize wodwala. Ndipo buku lako uzilemba tsiku lomwelo, chifukwa manambala akowo ndi amene amaitanitsa bokosi la mwezi wamawa.

FUNSO: Ndili ndi pakati pa miyezi isanu. Kusikelo amandikakamiza kumwera Fansidar pomwepo pomwe sindikudwala. Bwanji osandipatsa ndikamwere kunyumba? — Mayi woyembekezera, Sinda

YANKHO: Mwana wanga, malungo a mayi wapakati amatha kubisala m'nsengwa iwe osamva kanthu, n'kukuchepetsa magazi, mwana n'kubadwa wochepa thupi. Fansidar ndi wotchinjiriza. Mapiritsi atatu, kuyambira sabata ya 13, motalikirana mwezi umodzi mpaka kubereka. Timafuna umwere pamaso pathu chifukwa opita nawo kunyumba ambiri amathera m'thumba la chitenje. Kiliniki iyenera kukhala ndi madzi abwino ndi makapu oyera, koma nyamula botolo lako. Ngati umamwa Septrin tsiku ndi tsiku, uwauze, chifukwa awiriwa samwera limodzi.

FUNSO: Anamwino, mdzukulu wanga wa zaka 2 anagwidwa linjirinjiri usiku, maso atatembenuka. Tinamufukiza kaye mankhwala a makolo, kutacha tinamukweza pangolo. Kukiliniki anamubaya jakisoni mmodzi n'kutitumiza kuchipatala chachikulu, komwe anamuthira magazi. Pano tabwera naye kunyumba, ali moyo. Koma ndikufunsa, bwanji sanatisunge pakiliniki yathu pafupi? Kodi alibe mankhwala? — Agogo, Vubwi

YANKHO: Agogo anzanga, ndawerenga kalata yanu mtima uli m'mwamba mpaka pomwe mwati ali moyo. Amene anakulandirani pakiliniki paja ankaidziwa ntchito yake. Jakisoni anabayayo ayenera kuti anali artesunate, mankhwala a malungo aakulu. Amabayidwa nthawi yomweyo, kenako pakatha maola 12, ndiponso pakatha maola 24, ndipo mlingo wake umatengera kulemera kwa mwana. Kale tinkadalira kwinini wa m'diripi, wofuna kumuyang'anira maola anayi, namwino uli ndi tochi m'kamwa ukuwerenga madontho. Kafukufuku wotchedwa AQUAMAT, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2010, anayerekeza mankhwala awiriwa pa ana oposa 5,000 m'mayiko 9 a mu Africa. Mwa ana 100 alionse opatsidwa kwinini anamwalira pafupifupi 11, pomwe mwa opatsidwa artesunate anamwalira 8 kapena 9. Kwa ife amene tinatsekapo maso a ana, kusiyana kumeneko n'kwakukulu.

Koma jakisoni amapha tizilombo, sabwezeretsa magazi amene tadya kale. Mwana wa malungo aakulu amatha kufuna magazi, mpweya wa oxygen, shuga wa m'mtsempha, ndi munthu womuyang'ana usiku wonse, ndipo kiliniki ya kumudzi siisunga magazi. Kukonzeka kwake n'kwakuti izindikire msanga, ibaye mlingo woyamba, ilembe kalata yosonyeza mankhwala ndi nthawi, ipeze choyendera. Anakuchitirani zonsezo. Akanakusungani kuti musavutike ndi ulendo, mwina kalata yanu ikanakhala ina.

Za kufukiza sindikudzudzulani, usiku ngati umenewo munthu umagwira chilichonse chimene chili pafupi. Koma utsi umamubanikitsa mwana amene akuvutika kale kupuma, ndipo maola a pakati pa usiku ndi m'mawa aja ndi amene amatitayitsa ana. Linjirinjiri likagwira mwana, mugonekeni chammbali, mumasuleni zovala, musaike supuni, chala kapena madzi m'kamwa mwake, ndipo wina athamange nthawi yomweyo kukadzutsa wodzipereka wa zaumoyo ndi mwini ngolo kapena njinga yamoto. Alipo mankhwala a artesunate oika kumalo ochitira chimbudzi, opangira ana osakwana zaka 6 amene ali kutali ndi chipatala. Amangomuthandiza mwana kupirira ulendo wa panjira, sachiza okha, ndiye ulendo ukhalepobe. Funsani wodzipereka wa m'mudzi mwanu ngati ali nawo, ndipo ngati alibe, NHC ikafunse kukiliniki. Mukambiranenso ndi anyakwawa kuti mudzi udziwiretu ngolo yake ndi ya yani, nambala ya wanjinga yamoto ili ndi yani, ndi njira yodzera mtsinje ukadzaza.

Tsopano mdzukuluyo. Coartem amene anakupatsani potuluka amalize yense, masiku atatu, ngakhale akusewera. Mwana wotuluka m'chipatala atathiridwa magazi amakhalabe wofooka kwa miyezi ingapo ndipo malungo akamubwerera amamugwetsa msanga, choncho azigona m'neti usiku uliwonse, ndipo tsiku limene anakulemberani kuti mubwerere naye musalidumphe. M'masabata atatu oyambawa magazi amatha kutsikanso. M'mawa uliwonse mutengereni pabwalo powala, mutambasule chikhatho chake pafupi ndi cha mwana wina wathanzi, mutsitse chikope muone m'kati. Mukaona mwayera, kapena maso achita chikasu, kapena mkodzo wada ngati tiyi wopanda mkaka, bwererani naye tsiku lomwelo, kalata ya kuchipatala ija ili m'manja.